Gitala yolira Chinyanja: Paul Ngozi ndi mbale za amalume

Kumapeto kwa chaka cha 2024 ndinatsika basi pa Zalewa dzuwa likuswa mtengo. Ndisanafunefune galimoto yokwera kumapiri kwathu, ndinayamba ndalowa m'kashopu ka mwana wa mlongo wanga, amene amatchaja mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemori khadi. Sipika yake sikhala chete, ndipo nthawi zambiri zomwe imalira zimangondidutsa. Tsikulo inali kulira nyimbo ya mnyamata wa ku America, Tyler, The Creator. Mwadzidzidzi, pakati pa Chingerezi chothamangacho, panatulukira mawu a mwamuna akuyimba m'chinenero chathu, kumbuyo kwake gitala ikulira mokhadzula ngati lata likung'ambidwa. Ndinaima chilili, chikwama chili m'manja.

"Amalume, mwatani?" anandifunsa mnyamatayo.

Ndinamuuza kuti aibwereze. Ataibwereza ndinamufunsa ngati akumudziwa mwini mawuwo. Iye anati mwina ndi Mmalawi wina amene ali kunja, woyimbayo anamulemba ganyu. Ndinamuuza kuti mwini mawuwo anamwalira mu 1989, iye asanabadwe, ndipo kuti ine mawuwo ndinayamba kuwamva ndili mwana, pakhonde la agogo ake kumtunda kwa Neno.

Nyimbo ya Tyler imatchedwa Noid, inatuluka mu Okutobala 2024, ndipo chimbale chake, Chromakopia, chinafika pa nambala 1 ku America. Chidutswa cha Chinyanja chimene chili m'katimo anachitapa mu Nizakupanga Ngozi, nyimbo ya Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family la ku Lusaka, ya m'chimbale cha 1977 chotchedwa 45,000 Volts. Chimbale chimenecho amalume anga anali nacho.

Amalumewo anali m'gulu la amuna ambiri akuno amene anapita ku Zambia kukasaka ntchito. Njira imeneyo inali yopondedwa kale kuyambira nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, ndipo ngakhale maiko awiriwa atalandira ufulu mu 1964 anthu sanaleke kupita. Ena anatsikira kumigodi ya kopa ku Kitwe ndi ku Luanshya, iwo anakhazikika ku Lusaka, kumene munthu wa kuno savutika chinenero chifukwa mumsewu ndi pamsika anthu amayankhula Chinyanja. Anabwerako zinthu zitayamba kuthina, atanyamula sutikesi imodzi, galamafoni ya mabatire ndi mbale zokulunga m'bulangete. Tsitsi lawo lalikulu lija tinkaliona pachithunzi anametera ku Chipata asanawoloke malire, ndipo buluku lotambalala kumapazi analipinda pansi penipeni pa sutikesi. Ankadziwa kuti kuno, m'nthawi ya Dr. Kamuzu Banda, lamulo silinkalola mwamuna wa tsitsi lalitali kapena buluku lotere.

Madzulo ankatulutsa galamafoniyo pakhonde, kupukuta mbale ndi kansalu, n'kutsitsa singano mosamala ngati akuika mwana pamphasa. Tinazolowera nyimbo za pa MBC, za banjo, za Daniel Kachamba, za makwaya a kutchalitchi. Zimene zinatuluka m'bokosilo sizinafanane ndi chilichonse mwa izi. Nkhuku zinabalalika. Mayi anga anati galamafoniyo yaonongeka panjira. Amalume anaseka n'kunena kuti ndi mmene mwini wake amafunira kuti izimvekera. Mudzi wathu unalibe magetsi, ngakhale kuti mphamvu imene inkayatsa Blantyre inkapangidwa kumunsi kwathu komweko pa Nkula, pamtsinje wa Shire, kuyambira 1966. Choncho mavolti 45,000 a Paul Ngozi ife tinkawamvera pa mabatire a tochi, ndipo akafooka tinkawayanika padzuwa kuti mawa alireko pang'ono.

Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949 ndipo anakulira ku Chibolya, komboni ya anthu osauka mu Lusaka imene mpaka lero anthu amaitchula mosamala. Mfunda wa Nyirongo ngodziwika kumpoto kwa Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia. Woyimba ng'oma m'gulu lake anali Chrissy Zebby Tembo, wa besi anali Tommy Mwale. Nyirongo, Tembo, Mwale: mukawaitana mayina amenewa pamsika wa Lisungwi, anthu atembenuka. Dzina loti Ngozi linamumatirira chifukwa cha machitidwe ake pabwalo, poti ankatha kuliza gitala ndi mano monga ankachitira Jimi Hendrix.

Asanayambe gulu lake, Paul anayimbako mu Musi-O-Tunya, gulu la anyamata a ku Zambia limene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 linkakhala ku Nairobi, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa anali Rikki Ililonga. Atabwerera kwawo anakhazikitsa Ngozi Family, ndipo mu 1976 anatulutsa chimbale chotchedwa Day of Judgement. Chaka chotsatira kunabwera 45,000 Volts. Panalinso The Ghetto, chimene chimakamba za moyo wa m'makomboni momwe iye anakulira, komanso My Ancestors, chimene chinatuluka m'dzina la Chrissy Zebby Tembo koma gitala yake ndi ya Paul yemweyo. 

Ndifotokozeko za kulira kwa gitala kuja, chifukwa mayi anga sanalakwe kwenikweni poganiza kuti china chake chaonongeka. Gitala yamagetsi payokha ilibe mawu okwanira kudzutsa ngakhale mphaka. Pansi pa nsambo zake pali timaginito tokulungidwa ndi waya, ndipo nsambo ikanjenjemera timaginitoto timasandutsa kunjenjemerako kukhala mphamvu yochepa ya magetsi, imene imapita ku ampulifaya kuti ikulitsidwe. Oyimba anatulukira kuti akaikankha mphamvuyo kupyola pamene makinawo angathe kunyamula, mawu amaphwanyika, amakhala okhakhala ndi okhuthala, ndipo amachedwa kuzima. Ndi zomwe zimachitika mukatsegula wailesi yaing'ono mpaka kumapeto. Kenaka anapanga kabokosi kopondedwa ndi phazi, kotchedwa fuzz, kongochita dala zimenezi. Paul Ngozi ankakaponda kabokosi kameneka mosaumira.

Chachiwiri ndi chimene oyimba amachitcha riff: kachidutswa kafupi ka mawu a gitala kamene kamabwerezedwa mosalekeza, nyimbo yonse n'kumangidwa pamwamba pake. Apa m'pamene ine ndinagwidwira ndili mwana, ndipo ndikuganiza kuti ndikudziwa chifukwa chake. Khutu la mwana wa kumudzi limakula ndi zinthu zobwerezabwereza zolemera: misi iwiri ikusinthana mumtondo umodzi, mapazi a amuna akuponda pansi pamodzi pa ngoma ya Angoni mpaka fumbi kuti kobo. Gitala ya Ngozi inkasinja chimodzimodzi. Sinkathamangira kuonetsa luso la zala, inkaponda pamalo amodzi mpaka pansi patanjenjemera.

Kuyimba kolemera chonchi kuli ndi dzina kwa eni ake, heavy metal. Ambiri amakuyambira pa Black Sabbath, anyamata anayi a mumzinda wa mafakitale wa Birmingham ku England, amene chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1970. Woyimba gitala wawo, Tony Iommi, anaduka nsonga za zala ziwiri pamakina odulira malata kuntchito, ndipo pambuyo pake anayamba kumasula nsambo kuti zisamamupweteke. Kumasulako kunatsitsa mawu a gitala, kulemera kuja n'kuwonjezeka. Mbale za gulu limeneli, za Deep Purple, za Hendrix ndi za Rolling Stones zinkafika ku Zambia mosavuta, chifukwa ndalama za kopa zinalipo ndipo m'matauni a migodi munali makalabu ndi masitolo a mbale. Anyamata a kumeneko anayamba ndi kutsanzira, kenaka n'kuthiramo zawo. Zotulukapo zake n'zimene zimatchedwa Zamrock.

Patapita zaka, chakumapeto kwa m'ma 1980 ndi m'ma 1990, ku America kunabuka magulu amene anatopa ndi malamulo a heavy metal n'kuyamba kuisakaniza ndi zina. Kusakanizako anakutcha alternative metal. Faith No More inathiramo funk ndi rap. Living Colour, gulu la anyamata akuda a ku New York, linatulutsa Vivid mu 1988 pa nthawi imene ambiri ankaganiza kuti gitala yolemera ndi ya azungu okha. System of a Down, ana a mabanja a mtundu wa anthu a ku Armenia okulira ku Los Angeles, analowetsamo mayimbidwe a kwa makolo awo, monga zimamvekera m'chimbale cha Toxicity cha 2001. Ku Brazil, Sepultura inapita kukajambula ndi anthu a mtundu wa Xavante popanga Roots mu 1996. Dzina loti alternative metal kunalibe pa nthawi ya Paul Ngozi, ndipo sindikufuna kumuveka malaya amene sanavalepo. Koma ntchito imene magulu amenewa anatamandidwa nayo, yotenga gitala yolemera n'kuiyankhulitsa chinenero ndi magule a kwanu, anyamata atatu a ku Lusaka anali ataichita kale mu 1977.

Ngozi Family sinali yokha. Ku Kitwe kunali WITCH, imene woyimba wake Emmanuel Chanda anthu anamutcha Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger, ndipo chimbale chawo Lazy Bones!! cha 1975 chimawerengedwa pakati pa zabwino koposa za nthawiyo. Chaka chomwecho Amanaz inatulutsa Africa. Ku Ndola kunali Edward Khuzwayo ndi kampani yake ya Zambia Music Parlour, imene inatulutsa mbale zambiri za magulu amenewa, komanso Teal Records imene inali ndi makina odindira mbale. Pamwamba pa zonsezi, Pulezidenti Kenneth Kaunda, yemwenso ankaliza gitala, analamula chapakati pa zaka za m'ma 1970 kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawailesi zikhale za oyimba a m'dzikomo. Wailesi inasowa zoti iziulutsa, ndipo aliyense amene anali ndi gulu anapeza khomo lotsegula.

Ndimalingalira kawirikawiri chifukwa chake zimenezi sizinamere kuno, pamene anthu ake ndi amodzimodzi. Yankho langa ndi loti mbewuyo inalipo koma nthaka inali ina. Ife tinalibe migodi yodzaza matumba a anyamata ndi ndalama zogulira ampulifaya. Wailesi inali imodzi, ndipo kuyambira 1968 kunali bungwe la boma lounika nyimbo, mabuku ndi mafilimu zisanafike kwa anthu. Maonekedwe enieniwo a woyimba rock, tsitsi ndi zovala, anali mlandu. Luso lathu linadzera njira zina: kwela ya abale a Kachamba ku Chileka, magulu a banjo zopanga okha, Alleluya Band ku Balaka, ndipo pambuyo pake reggae ya Evison Matafale ndi Black Missionaries. Sindikuchepetsa chilichonse mwa izi. Ndikungonena kuti nthambi ina ya mtengo wathu womwewu inakabereka kuseri kwa malire, ife osaidziwa.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi zomwe Paul ankayimba. Kuno munthu akamva gitala yokhadzula amafulumira kunena kuti ndi nyimbo za satana, kapena za osuta chamba. Ndazimvapo kutchalitchi, ndazimvanso kwa aphunzitsi anzanga. Koma mvetserani Nizakupanga Ngozi mpaka kumapeto. Mwini nyumba akuchenjeza mlendo kuti azibwera ndi ulemu ndipo asamabweretse miseche pakhomo pake. Ndi mwambo weniweni, womwe agogo amapereka pabwalo, kungoti waperekedwa ndi mawu aakulu. Nyimbo zake zambiri zili choncho: umphawi wa m'komboni, khalidwe loipa, chiweruzo cha Mulungu. Tyler sanaisankhe mwangozi nyimboyo. Noid ikukamba za munthu wotchuka amene sakugona tulo chifukwa anthu akumusuzumira ndi kumulondola mpaka kunyumba, ndipo mawu a Paul akulowa m'menemo ngati mkulu amene waima pakhomo kubweza alendo opanda mwambowo. Mwana wa ku California amene akuvina nyimboyo sakumva zimenezi. Mwana wa pa Zalewa akumva liwu lililonse.

Chinyanja chake ndi cha m'tauni ya Lusaka, chimene chimati "niza" pamene ife timati "ndidza". Amalume anabwera nacho chinenero chimenechi, ndipo ana tinkawatsanzira mpaka iwo anachisiya okha patapita zaka zingapo.

Nyengo ya Zamrock sinatalike. Mtengo wa kopa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo Zambia, imene pafupifupi ndalama zake zonse zakunja zinkachokera ku kopa, inalowa m'ngongole ndi m'kusowa kwa zinthu. Munthu amene akuima pamzere wa ufa sagula mbale. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inawolokanso Zambezi: mu Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndipo kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi. Gulu limene limadya za usiku linasowa podyera. Disco inalowa, makaseti okopera mwakuba anapha msika wa mbale, ndipo m'ma 1980 makutu a anthu anatembenukira ku kalindula. Paul anayesetsa kuyenda ndi nyengoyo, nyimbo zake zakumapeto n'kupepukirako. Kenaka kunabwera Edzi, imene inatenga oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Mwa amene anayambitsa WITCH, Jagari yekha ndiye anatsala, ndipo anakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakakumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze chakudya. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Ku Kabwata mu Lusaka kuli msewu wotchedwa dzina lake.

Ife a ku Neno mbiri imeneyi sitifunika kuifotokozeredwa kwambiri. Tikudziwa mmene zaka zimenezo zinakokolera amuna ndi akazi a msinkhu wogwira ntchito, ndipo amalume anga anapita m'mafunde omwewo. Mbale zawo zinatsala m'nyumba yofolera ndi udzu. Zina zinapindika ndi kutentha, zina ana tinkaziponya m'mwamba ngati zoseweretsa, ndipo imodzi ndinaiona komaliza itavundikira mtsuko. Zimandiwawa ndikakumbukira, makamaka podziwa kuti ngakhale ku Zambia komweko matepi oyambirira a nyimbo zambiri anatayika, moti ofuna kuzitulutsanso ankachita kusakasaka mbale zakale zonga zomwezo kuti akopereko.

Amene anadzazitola ndi anthu akutali. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, inayamba kutulutsanso nyimbozi mogwirizana ndi oyimba otsala ndi mabanja a omwalira, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa zambiri m'zimbale ziwiri zotchedwa Welcome to Zamrock! Mu 2019 kunatuluka filimu ya Gio Arlotta wa ku Italy yonena za WITCH. Jagari anabwerera pabwalo ali nkhalamba, pamodzi ndi Patrick Mwondela ndi oyimba achinyamata a ku Ulaya, natulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023. Chaka chomwecho Travis Scott anatapako nyimbo ya Amanaz. Sampa the Great, mwana wa ku Zambia amene anatchukira ku Australia, anali atayamba kale kukumbutsa anzake za Zamrock m'nyimbo yake Never Forget ya 2022. Ndimayamika onsewa ndi mtima wonse. Komabe pali kanthu kamene kamandilasa: kuti mawu a Nyirongo achoke ku Lusaka n'kufika pa Zalewa, anayenera kudzera ku California ndi kutha zaka 47 panjira, pamene basi yochoka ku Lusaka imafika ku Lilongwe tsiku lomwelo.

Sikuti gitala yolemera inafa m'chigawo chathu chino. Ku Botswana kuli magulu a metal odziwika kunja, monga Skinflint, Wrust ndi Overthrust ya ku Ghanzi, ndipo owatsatira amavala zikopa zakuda m'dzuwa la Kalahari. Kuno kwathu ndimaona zina zazing'ono zimene zimandipatsa chiyembekezo. Anyamata a m'midzi ya kumtunda amapangabe magitala a zigubu ndi waya wa mabuleki a njinga, ndipo masiku ano, poti mabatire a sola afika paliponse, ena amalumikiza magitalawo ku sipika yakale ya wailesi. Sipikayo imalephera kunyamula, mawu n'kuphwanyika. Tsiku lina ndinapeza atatu akuyimba choncho pafupi ndi msika, pakati pa milu ya mbatata ya kachewere ndi manachesi, ndipo wamkulu wawo anandipepesa kuti chida chawo chikulira moipa. Ndinamuuza kuti kuli anthu amene amalipira ndalama zambiri kugula kabokosi kopangitsa gitala kulira chomwecho, ndipo ndinamutchulira dzina la Paul Ngozi kuti akalifufuze.

Tsiku lija pa Zalewa sindinachoke msanga. Mwana wa mlongo wanga anatsegula intaneti pafoni, napeza 45,000 Volts yonse ndi Day of Judgement, n'kundiikira m'memori khadi. Ndalama anakana. Anangopempha kuti ndimulembere mayina a magulu enawo papepala, ndipo ndikutuluka ndinamva Amanaz italowa kale m'sipika yake.

Ndinafika kumudzi kutada, fumbi la mumsewu lili m'maso ndi m'makutu. Mayi anga, amene tsopano maso awo saona bwino, anali pakhonde lomwe lija. Titatha kudya ndinaika khadiyo m'kawailesi kawo ka sola osanena kanthu. Gitala itangoyamba anatukula mutu. Anamvetsera mpaka mawu atalowa, milomo yawo ikuyenda pang'onopang'ono motsatira, kenaka anatchula dzina la mlongo wawo, lija la paubwana limene ine sindinaliitanepo.

"Ankaikonda imeneyi," anatero. "Tsitsako pang'ono, ana agona. Koma usazimitse."